Madzi a kumapeto kwa paipi

## Mlendo wa mabotolo

Bambowo anagogoda pachipata m'mawa umene madzi anabwerera m'mipope atasowa kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo nditaona chizindikiro cha bungwe loona za madzi pamalaya awo ndinangoti abwera kudzawerenga mita kapena kudzatidulira madzi, popeza anthu a kumeneko sakonda kubwera ndi uthenga wina. Koma iwo ananyamula kabokosi kozizira ndi chikwama cha mabotolo, ndipo anapempha mwaulemu kuti atungeko madzi pang'ono pampope wathu wapanja, chifukwa nyumba yathu ili kumapeto kwenikweni kwa paipi imene imabweretsa madzi m'dera lonselo.

Ndinaima pambali n'kumaonerera, ndipo ndinachita chidwi ndi mmene ankaisamalira ntchito yawo. Anamasula kachidutswa ka labala kamene tinamangirira kukamwa kwa mpope, napukuta kukamwako ndi thonje la mankhwala, nawambapo ndi kalawi ka moto kuti tizilombo ta pampope tisasakanikirane ndi ta m'madzi. Kenaka anatsegula madzi kuti ayambe athamanga kwa mphindi zingapo, nadzaza botolo limodzi mosakhudza mkati mwa chivundikiro, nalembapo malo ndi nthawi, naliika m'bokosi lozizira lija. Atatero anatulutsa kagalasi kakang'ono konga chala, nathiramo madzi, naponyamo kapiritsi koyera, nakaphwanya ndi kandodo ka pulasitiki. Anakagwedeza kagalasiko, nakakweza m'mwamba moyang'anana ndi kuwala, nadikira. Madzi anangokhala mbee, monga mmene anatulukira pampope. Anawataya, natsuka kagalasiko, nayambiranso ndi kapiritsi kena, koma panalibe chimene chinasintha.

Ndinafunsa kuti, "Kodi pali vuto, bambo?"

Iwo anati, "Amayenera kusanduka a pinki, mayi. Akapanda kusintha ndiye kuti klorini mulibe."

"Ndiye timwe kapena tisamwe?"

Anakhala chete pang'ono uku akulemba m'kabuku kawo, kenaka anati, "Ine ntchito yanga ndi kutunga ndi kulemba. Koma mukanakhala m'bale wanga ndikanati muziyamba mwawiritsa." Nditafunsa kuti zotsatira za botolo lija tidzazimva liti, anayankha mosabisa kanthu, ngati munthu amene akunena chinthu chodziwika kale: "Zimapita ku ofesi."

Mawu atatu amenewa ndi amene akhala akundisowetsa mtendere. Pa nthawi imene bambowo ankatseka chikwama chawo, mumsewu wonse munkamveka phokoso la madzi akugwera m'ndowa, chifukwa aliyense ankathamangira kudzaza chilichonse chimene chingasunge madzi asanapitenso. Ana ankamwa ndi manja pamipope, ndipo amayi ena ankasungunulira makanda mkaka ndi madzi omwewo. Anthu amene ankadziwa kuti m'madzimo mulibe klorini tinali awiri okha: mmodzi analibe chilolezo cholengeza, ndipo winayo, amene ndi ine, anadziwa chifukwa choti anangopezeka ataima pafupi. Ndinauza oyandikana nawo amene ndinatha kuwafikira, koma paipi imeneyo imalowa m'nyumba zambiri za anthu amene sindikuwadziwa ngakhale nkhope.

## Zimene kapiritsi kaja kamanena

Klorini amene amathiridwa kumalo oyeretsera madzi ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kupha tizilombo timene tatsala madzi atasefedwa, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati pa ntchito imeneyi payenera kutsala mamiligalamu osachepera 0.5 pa lita imodzi, madziwo atakhala ndi mankhwalawo kwa mphindi zosachepera 30. Yachiwiri, imene ambiri sitiiganizira, ndi kuperekeza madziwo paulendo wawo wonse wa m'mapaipi, kuti chonyansa chilichonse chikalowa panjira chipeze mankhwala akudikira. N'chifukwa chake bungwe lomwelo limati pamalo pamene munthu akutungira madzi payenera kupezekabe mamiligalamu osachepera 0.2 pa lita. Kapiritsi kaja, kamene odziwa ntchitoyi amakatchula kuti DPD, kamasandutsa madzi kukhala a pinki kakakumana ndi klorini wotsalayo, ndipo mtunduwo ukamadera ndiye kuti klorini ndi wochuluka.

Klorini amatha panjira. Amatha msanga madzi akakhalitsa m'thanki, nyengo ikatentha, mapaipi akachita dzimbiri ndi ndere m'kati, kapena akakumana ndi zonyansa zimene zalowa pamalo pamene paipi yang'ambika. Choncho madzi akafika kumapeto kwa paipi opanda klorini, sizitanthauza kuti mwa iwo muli matenda, koma zimatanthauza kuti mulibe chowateteza, ndiponso kuti mwina pali chimene chamaliza mankhwalawo panjira. Woyendetsa malo oyeretsera madzi akhoza kulumbira kuti madzi ake amatuluka abwino, ndipo akhoza kukhala kuti akunena zoona, pamene munthu wa kumapeto kwa paipi akumwa zina.

Maso ndi lilime sizithandiza pa nkhani imeneyi. Mu 1854, kolera atabuka m'dera la Soho mumzinda wa London n'kupha anthu oposa 600, madzi a pachitsime cha mumsewu wa Broad Street ankakondedwa kwambiri chifukwa cha kukoma kwake, moti mayi wina wamasiye amene anasamukira ku Hampstead ankatuma anthu kuti azimubweretsera madzi a pamenepo, ndipo nayenso anamwalira ndi kolera. John Snow anazindikira gwero la mliriwo powerengera nyumba za omwalira, osati poyang'ana madziwo. Madzi ofiira amene timawadandaula akangobwerera m'mipope amatichenjeza okha, koma madzi oyera mbee amene alibe klorini sachenjeza munthu.

## Labotale imanena za dzulo

Botolo limene linalowa m'bokosi lozizira lija linkapita kukayezedwa ngati muli E. coli, kachilombo kamene kamakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, ndipo kakapezeka m'madzi ndi umboni woti chimbudzi chalowamo. Muyezo wake ndi wosavuta kuukumbukira: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Vuto lili pa nthawi. Kuti tizilomboti tioneke, madziwo amasungidwa pamalo ofunda kwa maola 18 mpaka 24 kuti tichulukane, ndipo tikawonjezera ulendo wa botolo ndi wa pepala la zotsatira, uthenga umafika pa desiki ya munthu amene angachitepo kanthu madzi amene anayezedwawo atamwedwa kalekale. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo akamwedwa ndiye n'kosatheka n'komwe kuwabweza.

Ichi ndi chifukwa chake miyezo ing'onoing'ono ya pompopompo ili yofunika kuposa mmene imaonekera. Klorini wotsala ndi kuvunduka kwa madzi zimayezedwa m'mphindi zochepa, ndipo zimanena za madzi amene ali m'paipi pa nthawi yomweyo. Mzinda wa Milwaukee ku United States unaphunzira zimenezi mowawa mu 1993, pamene kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene klorini sakapha mosavuta, kanadutsa m'masefa a malo ena oyeretsera madzi n'kudwalitsa anthu pafupifupi 403,000. Makina ankaonetsa kuti madzi avunduka kuposa masiku onse, koma popeza manambalawo anali asanadutse malire a lamulo la nthawi imeneyo, madzi anapitirira kupopedwa. Zizindikiro zimene zinadzutsa akuluakulu a zaumoyo zinachokera kunja kwa malo oyeretsera madziwo: mankhwala oletsa kutsegula m'mimba anatha m'masitolo, ndipo ana ndi aphunzitsi ambiri anajomba kusukulu. Kunena mosapita m'mbali, matupi a anthu ndi amene anasanduka chida choyezera madzi.

## Kabuku ka ku Walkerton

Nkhani imene ndimaibwereza kawirikawiri m'maganizo mwanga ndi ya tauni yaing'ono ya Walkerton, m'chigawo cha Ontario ku Canada, imene inali ndi anthu pafupifupi 4,800. M'mwezi wa May 2000 kunagwa mvula yamphamvu imene inakokolola ndowe za ng'ombe za pafamu ina n'kuzilowetsa m'chitsime chosazama chimene tauniyo inkapopamo madzi. M'ndowemo munali mtundu woopsa wa E. coli wotchedwa O157:H7 pamodzi ndi kachilombo kena kotsegula m'mimba kotchedwa Campylobacter. Anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,300 anadwala, ena mpaka impso zawo kuwonongeka.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ku Walkerton mapepala onse analipo. Panali kabuku kolembamo klorini wa tsiku lililonse, ndipo m'kabukumo munali manambala ooneka bwino. Kafukufuku amene anatsogolera woweruza Dennis O'Connor, amene malipoti ake anatuluka mu 2002, anapeza kuti kwa zaka zambiri ogwira ntchito ankangolemba manambalawo osayeza n'komwe, ndiponso ankalemba pamabotolo mayina a malo amene sanatungeko madzi. Akanakhala kuti ankayezadi tsiku ndi tsiku, akanaona kuti klorini wazimirira m'masiku amene ndowe zinkalowa, chifukwa zonyansa zochuluka choncho zimamaliza mankhwala onse. Kagalasi ndi kapiritsi ngati zija ndinaziona pampope wathu zikanatha kuchepetsa kwambiri chiwerengero cha odwala.

Panalinso mpata wachiwiri wopulumutsira anthu, ndipo nawonso unatayika. Pa 17 May labotale inatumiza zotsatira zoonetsa kuti m'madzi muli E. coli, koma inazitumiza kwa woyang'anira madzi yekha. Kuyambira mu 1996 malabotale a boma anali atasiya kuyezera matauni madzi, ntchitoyo n'kupita m'manja mwa malabotale omwe si aboma, ndipo panalibe lamulo lowakakamiza kudziwitsa a zaumoyo akapeza zoopsa. Dokotala wa ana wa m'tauni ina yapafupi ataona ana a ku Walkerton akutsegula m'mimba za magazi anadziwitsa ofesi ya zaumoyo, ndipo ofesiyo inaimbira woyang'anira madziyo kangapo kufunsa ngati madzi ali bwino. Iye sanatchule za pepala limene linali kale m'manja mwake. M'malo mwake anayamba kutsuka mapaipi mwakachetechete ndi kuwonjezera klorini, poganiza kuti vutolo litha anthu asanalidziwe. O'Connor anati zotsatirazo zikanaululidwa pa nthawi imene a zaumoyo anafunsa koyamba, anthu mazana angapo sakanadwala.

Sindikufuna kumujambula munthu ameneyu ngati chilombo, chifukwa kutero kumatipusitsa kuti tiziganiza kuti zoterezi zimachitika kokha kumene kuli anthu oipa mtima. Iye mwini ankamwa madzi omwewo, ndipo ankakhulupirira kuti madzi a pansi pa nthaka ndi abwino mwachibadwa. Chimene chinapha anthu ndi dongosolo limene linalola kuti uthenga wokhudza moyo wa tauni yonse uthere m'manja mwa munthu mmodzi, yemwenso ndi amene akanaoneka wolakwa uthengawo ukanamveka. Mwana wasukulu ukamupatsa kuti adzichongere yekha mayeso, sufunika kumuyesa wakuba kuti udziwe kuti malikisi akewo sangadaliridwe. N'chifukwa chake malangizo a World Health Organization amalekanitsa ntchito ziwiri: wopereka madzi aziyeza madzi ake nthawi zonse, koma pakhalenso bungwe lina loima palokha, kawirikawiri la zaumoyo, limene lizitunga mabotolo akeake ndi kuunika mabuku a woperekayo.

## Ndinapita ku ofesi kuja

Popeza zotsatira zimapita ku ofesi, ndinaganiza zozitsatira komweko. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, ndipo mayi amene ndinalankhula nawo sanali wamwano ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti madzi awo amayezedwa pafupipafupi ndipo amakwaniritsa miyezo yonse, ndipo nditapempha kuona zotsatira za botolo limene linatungidwa pampope wanga, anati ndilembe kalata yopita kwa akuluakulu, yofotokoza chifukwa chimene ndikuzifunira. Funso limeneli linandidabwitsa kuposa china chilichonse. Ndinkafunika kufotokoza chifukwa chimene ndikufunira kudziwa zimene zili m'madzi amene ndimamwa, amene ndimalipira, amene anatungidwa pakhomo panga.

Kalatayo ndinalemba, ndipo yankho limene linabwera patapita nthawi linali la mizere yochepa, lonena kuti madzi a mumzinda wonse anali m'kati mwa miyezo pa nyengo imeneyo. Za msewu wathu munalibe. Apa m'pamene ndinazindikira mmene chiwerengero cha mzinda wonse chimabisira zinthu popanda kunama. Tiyerekeze kuti mabotolo 100 ayezedwa ndipo 97 apezeka abwino: lipoti lidzanena kuti madzi ali bwino ndi 97 peresenti, ndipo aliyense adzawomba m'manja. Koma atatu otsalawo akhoza kukhala a msewu umodzi womwewo mwezi ndi mwezi, ndipo kwa anthu a mumsewu umenewo madzi ndi oipa nthawi zonse. Palibe munthu amene amamwa madzi a mzinda wonse. Aliyense amamwa a pampope wake.

## Amene amasankha potunga

Mzinda wa Flint, m'chigawo cha Michigan ku United States, umaonetsa mbali ina ya vutoli, yakuti zotsatira zimadalira kwambiri amene wasankha malo ndi njira yotungira. Mu April 2014 mzindawo unasiya kugula madzi ku Detroit n'kuyamba kupopa mumtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama, koma sunathire mankhwala oletsa madzi kudya mapaipi. Madziwo anayamba kusungunula mtovu wa m'mapaipi akale olowa m'nyumba. Mtovu suoneka, sununkha, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa, koma umawononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Pofika mu October chaka chomwecho, kampani ya General Motors inasiya kugwiritsa ntchito madziwo pafakitale yake chifukwa ankachititsa dzimbiri zitsulo za injini, koma anthu ankauzidwabe kuti ndi abwino kumwa.

Madzi ankayezedwa, ndipo malipoti ankatuluka abwino. Koma anthu otunga ankalangizidwa kuti ayambe atsegula mpope kwa mphindi zingapo usiku woti mawa atunga, zimene zinkachotsa madzi amene akhalitsa m'paipi ya mtovu. Nyumba zambiri zimene zinayezedwa sizinali zotsimikizika kuti zili ndi mapaipi a mtovu monga lamulo limafunira, ndipo zotsatira ziwiri zokwera kwambiri zinachotsedwa m'lipoti la mu 2015, zimene zinachititsa kuti chiwerengero chonse chikhale pansi pa malire a lamulo, a magawo 15 a mtovu pa magawo biliyoni imodzi a madzi. Amene anaswa chinsinsicho anali anthu akunja kwa maofesi. Mayi wina wa mumzindawo, LeeAnne Walters, ataona ana ake akudwala, analumikizana ndi Marc Edwards wa ku yunivesite ya Virginia Tech, ndipo anthu wamba anatunga okha madzi m'nyumba zoposa 250 n'kuwatumiza kukayezedwa. Mu September 2015 dokotala wa ana, Mona Hanna-Attisha, analengeza kuti chiwerengero cha ana okhala ndi mtovu wochuluka m'magazi chakwera chisinthireni madzi. Poyamba akuluakulu anamutsutsa, koma mwezi wotsatira mzindawo unabwerera ku madzi a ku Detroit.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu apa. Poyeza tizilombo ta m'paipi yaikulu, kutaya madzi oyamba ndi njira yolondola, monga anachitira bambo aja. Poyeza mtovu, madzi oyambawo ndi amene amafunika, chifukwa ndi amene agona m'paipi usiku wonse ndipo ndi amene mwana amamwa m'mawa. Choncho sikokwanira kuuzidwa kuti madzi anayezedwa. Tiyenera kuuzidwanso kuti anatungidwa kuti, nthawi yanji, motani, ndipo ankafufuzamo chiyani.

## Paipi ikauma

M'mizinda imene madzi amabwera mwa apo ndi apo muli chiopsezo china chimene malipoti a malo oyeretsera madzi sangachione. Paipi yodzaza imakankhira madzi kunja, moti ngakhale itang'ambika, madzi amangotuluka ndipo zakunja sizilowa. Madzi akatsekedwa mphamvu ija imatha, ndipo nthawi zina paipi imayamba kukoka, makamaka pamene anthu a kumunsi akutungabe kapena ena alumikiza mapampu awo. Pamenepo ming'alu yomwe ija imasanduka makomo, ndipo paipi ikakhala kuti yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi paipi ya zonyansa imene ikudontha, imayamwa zimene zili pamenepo. Madzi akabwerera amakokolola zonsezo n'kuzifikitsa kumipope, ndipo nthawi yake ndi yomwe ija imene aliyense akudzaza ndowa ndi migolo kuti asunge.

Ngati pali ola limene madzi ayenera kuyezedwa koposa, ndi limenelo, ndipo ngati pali malo, ndi kumapeto kwa mapaipi, m'madera okwera kumene madzi amafika mochedwa, ndiponso kumene mapaipi ndi akale. Dongosolo loyeza limene limangotsata kalendala, n'kumatunga pamipope yosavuta kufikako m'masiku amene madzi akuyenda bwino, limabweretsa manambala okongola amene sanena kanthu za maola oopsa. Kuyambira mu 2004 World Health Organization yakhala ikulimbikitsa kuti wopereka madzi aliyense akhale ndi ndondomeko yolemba pamene pangalowere vuto, kuchokera kumtsinje mpaka pampope, ndi chimene adzachite likalowa. Ndondomeko yoteroyo si chinsinsi cha akatswiri, ndipo palibe chifukwa choti anthu amene amamwa madziwo asaiwerenge.

## Mantha a oyang'anira

Ndiyenera kuchita chilungamo kwa amene amaopa kulengeza. Mantha awo ali ndi maziko. Munthu ukamuuza kuti madzi a pampope ndi okayikitsa, sasiya kumwa madzi, koma amakafuna ena, ndipo amene alibe ndalama zogulira a m'mabotolo amapita kuchitsime chosazama kapena kumtsinje, kumene kuli koopsa kwambiri. Ku Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, pamene mipope ya ku Harare ndi Chitungwiza inauma ndipo mapaipi a zonyansa ankaphulika, anthu anakumba zitsime m'mabwalo a nyumba zawo, ndipo kolera anadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko lonselo n'kupha oposa 4,000. Madzi a m'paipi, ngakhale ali ndi zofooka zake, kawirikawiri ndi abwino kuposa ena onse amene munthu wa mumzinda angapeze, ndipo chilengezo chosasamala chikhoza kuthamangitsira anthu kumalo oipa kwambiri.

Komabe sindikuvomereza kuti yankho lake ndi kukhala chete. Anthu akazindikira okha kuti anabisiridwa, sakhulupiriranso ngakhale chilengezo choona, ndipo ku Flint ambiri anapitirira kukana madzi a pampope kwa zaka zambiri mapaipi atayamba kale kusinthidwa. Chenjezo labwino silinena kuti madzi ndi oipa basi. Limatchula misewu imene yakhudzidwa, limanena chimene chapezeka, limauza anthu kuti awiritse madzi mpaka abwadamuke kapena athiremo klorini wa pakhomo, limasiyanitsa vuto limene kuwiritsa kumathetsa ndi limene sikuthetsa, ndipo limalonjeza tsiku limene anthu adzamvenso zina. Likachotsedwa, anthu auzidwe kuti lachotsedwa chifukwa mabotolo otsatizana apezeka oyera, osati lingozimirira ngati silinakhaleko.

Maiko ena anaika zimenezi m'malamulo. Ku United States, kuchokera pa kusintha kwa lamulo la madzi akumwa mu 1996, wopereka madzi amakakamizidwa kutumizira makasitomala ake lipoti la chaka ndi chaka, ndipo pakapezeka vuto loopsa ngati E. coli ayenera kudziwitsa anthu pasanathe maola 24. Ku England ndi Wales kuli Drinking Water Inspectorate, imene inakhazikitsidwa mu 1990 kuti iziunika makampani a madzi ili payokha. Dziko la South Africa linayambitsa Blue Drop mu 2008, ndondomeko yopereka malikisi poyera kwa mzinda uliwonse, koma malipoti ake anasiya kutuluka pambuyo pa 2014, ndipo lipoti lathunthu litatulukanso mu 2023 linaonetsa kuti m'malo ambiri zinthu zinaipiraipira m'zaka zimene anthu sankauzidwa kanthu. Kwa ine lipoti la pachaka ndi mbiri yakale, lothandiza pofunsa mafunso koma losateteza mwana amene akumwa madzi lero.

## Zimene ndikupempha

Zimene ndimafuna si zodula. Manambala a klorini wotsala, kuvunduka kwa madzi ndi E. coli amalembedwa kale m'mabuku a otunga ndi a m'labotale, ndipo chotsala ndi kungowaika poyera sabata iliyonse, dera ndi dera, pa intaneti ndi pakhoma la ofesi iliyonse yolipirira madzi, pamodzi ndi tsiku ndi malo amene anatungidwa. Munthu amene watunga madzi n'kupeza kuti mulibe klorini apatsidwe chilolezo, ndiponso udindo, wouza anthu a pamalopo nthawi yomweyo, asachite kunong'oneza ngati akuba chinsinsi cha abwana ake. Labotale iliyonse, ya boma kapena yomwe si ya boma, ikapeza E. coli m'madzi a m'paipi izitumiza zotsatirazo kwa a zaumoyo pa ola lomwelo limene ikutumiza kwa wopereka madzi. Zipatala nazo zikhale ndi njira yachidule youzira a madzi zikaona odwala m'mimba a dera limodzi akuchuluka, chifukwa kawirikawiri namwino amaona vuto labotale isanalione.

Choposa zonse, mphamvu yolamula anthu kuwiritsa madzi ikhale m'manja mwa a zaumoyo, ndipo asamayembekezere chilolezo cha amene amagulitsa madziwo kapena umboni wathunthu wa labotale. Ku Walkerton ofesi ya zaumoyo inalengeza kuti anthu awiritse madzi pa 21 May, ikutsimikiziridwabe ndi woyang'anira kuti madzi ali bwino, potengera kuchuluka kwa odwala ndi kumene ankakhala. Inatunganso mabotolo akeake m'malo osiyanasiyana a tauniyo n'kuwathamangitsira ku labotale ya boma, ndipo zotsatira zotsimikizira kuti m'madzimo muli E. coli zinafika pa 23 May, anthu atayamba kale kuwiritsa.